Tiyi Padenga

Chaka chimene mjigo wathu unawonongeka ku Thuchila, tinkamwa madzi a pachitsime. Azaumoyo anatiphunzitsa kuwathira m'mabotolo oonekera mkati n'kuwayanika padenga la malata tsiku lonse, kuti kuwala kwa dzuwa kuja kosaoneka ndi maso, kumene timati UV, kuphe tizilombo. Zinkathandiza ndithu. Koma Mulanje ndi Mulanje: chiperoni chikatsika m'phiri, dzuwa limasowa sabata yathunthu.

Ine ndinali mphunzitsi wa sayansi pasekondale yoyendera, wodzimva kuti ndimadziwa. M'magazini ina imene ndinabwereka ku Boma ndinawerenga kuti akatswiri apeza timamolekyu ta kaboni timene timatenga kuwala wamba, n'kuphatikiza timphamvu tiwiri tofooka kuti patuluke UV. Ndinadumpha pampando. Kaboni? Si wadzaza m'masamba a tiyi watizungulirayu!

Ndinaviika tiyi ndi chidede m'beseni, n'kumizamo mabotolo aja, beseni padenga, kunja kuli chifunga chokhachokha.

"Abambo ake mwana, madziwa tingowiritsa," anatero mkazi wanga.

"Nkhuni zake ziti? Isiyeni sayansi igwire ntchito."

"Chabwino, aphunzitsi."

Mawu awiri amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Tsiku lachitatu mwana wathu wamkazi, wa zaka zinayi, anayamba kutsekula m'mimba. Pofika naye kuchipatala pa kabaza maso anali atalowa, kulira komwe kukumukanika. Anamuika diripi. Mkazi wanga sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

Nditabwerera kunyumba kukatenga zofunda, ndinatsegulanso magazini ija. Ndime yomaliza, imene ndinaidumpha chifukwa cha phuma, inkanena kuti timamolekyuto amachita kutipanga mu labotale n'kutitsekera posalowa mpweya. Tiyi wanga uja, ndi kuderako, ankatchinga ndi UV wochepa yemwe ankadutsa m'mitambo. Tizilombo ndinachita kutigwirira ambulera.

Ndinapsa mtima, ndipo sindinasiyebe. Kwina anthu akusandutsa kuwala, ife kuno kalabala kamodzi ka mjigo kakutisowa miyezi isanu! Koma labalayo si amene anakwera padenga ndi beseni.

Mwana anachira. Loweruka lililonse ndinayamba kukasaka nkhuni ndekha, ana asukulu akundiseka panjira, ine osasamala. Madzi tinkawiritsa mpaka kugaduka. Komabe kwa miyezi yambiri, ndikamupatsa mwanayo kapu, ankayamba wayang'ana amayi ake asanamwe.