Ku Chembe Ndisanasudzulidwe

Tinanyamuka ku Mauwa Lachinayi m'mamawa, ine ndi mwana wanga Linesi, pa njinga yamoto imodzi: woyendetsa kutsogolo, Linesi pakati, ine kumbuyo nditakumbatira tenti. Tentiyo inali ya achinyamata a kumpingo kwathu. Abusa pondibwereka anandichenjeza kuti zikhomo zake zina zinasowa, ndipo sanandinamize.

Ine ndine telala, nyanja ndinkangoionera pa kalendala. Malemu mkazi wanga Agnesi ankandiseka chaka ndi chaka: "Bambo a Linesi, kunyanja kuja mudzatifikitsa liti? Kapena mukusoka kaye bwato?" Anatisiya mvula yathayi itangoyamba, nyanjayo asanaione. Tsono kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkazi akamwalira, akuchikazi amamusudzula mkamwini kuti abwerere kwawo. Ana amatsala, poti ndi a mbumba ya mayi awo. Alamu anga, atsibweni ake a Linesi, anali atandiuza kale mwaulemu wonse kuti mwambowo uchitika sabata yotsatira, ndibwerere kwathu ku Migowi. Linesi, wa zaka khumi ndi ziwiri, ndinali ndisanamuuze. Ndinati ndikamuuzira kunyanja, poganiza kuti pamalo okongola mawu owawa amapepukako.

Pa Namadzi kondakitala wa minibasi anayang'ana mtolo wanga uja.

"Madala, chimenechi n'chiyani?"

"Ndi nyumba."

"Nyumba imalipira mpando wake. Firii sauzande mutu umodzi mpaka Zomba, inu mwakwana atatu."

Ndinamuuza kuti nyumba yanga ndiifukata ndekha, ndipo ndinaifukatadi mpaka miyendo inachita dzanzi. Ku Zomba tinasintha galimoto. Pa Liwonde ndinagula chimanga chootcha kudzera pawindo, ndipo tikuwoloka Shire, Linesi anadzuka pampando n'kufunsa ngati nyanja ija ndi imeneyi. Galimoto yonse inaseka. Agogo ena a ku Mangochi anati, "Mwanawe, ameneyu ndi mchira chabe, mwini wake ali kutsogolo."

Ku Mangochi kunatentha moti ndinavula jekete imene ndinaisokera ulendo womwewu. Titafika ku Monkey Bay tinakwera kumbuyo kwa kagalimoto ka matola pamodzi ndi matumba a ufa ndi makireti a zakumwa. Msewu wake ndi wokhotakhota pakati pa mapiri, anyani atakhala m'mbali ngati apolisi apamsewu. Titatsetsereka, madzi anangoti mbee kutsogolo kwathu, opanda tsidya. Ndinamva chisoni chachikulu kuti Agnesi palibe, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti mwana asandione maso.

Pachipata cha paki ya boma, pafupi ndi mudzi wa Chembe, mayi wina wa yunifolomu yobiriwira anatilembera tikiti n'kutilozera poyika tenti, pansi pa mitengo. "Chakudya musasiye poyera, bambo," anatero. "Anyani a kuno amadziwa kutsegula zipi kuposa inu." Ndinamuuza kuti zipi ndiye ntchito yanga, koma iye anangoseka. Kumanga tenti kunatitengera nthawi. Tinayamba taimika chagada, kenako khomo linaloza kuthengo. M'malo mwa zikhomo zosowa zija tinasongola timitengo. Linesi anasesa m'kati ndi kunja komwe, n'kuyala mkeka bwinobwino, mwakhama loti ndinadabwa nalo pa nyumba ya masiku awiri.

M'mawa mwake tinapita pamiyala pomwe madzi ndi oyera ngati a m'ndowa. Tinsomba tabuluu ndi tachikasu tinkabwera kudzamujompha zala zakumiyendo, ndipo Linesi anaseka mokweza, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichitikire maliro. Ine ndinalowa m'madzi olekeza m'mawondo, buluku nditapinda, n'kumachita ngati ndikudziwa kusambira koma sindikufuna. Mawu aja ndinawakonza pakamwa kangapo, n'kuwamezanso. Ndinati ndimuuza tikadya.

Pobwerera tinapeza tenti ili pululu. Nyani anali atakokera chikwama cha Linesi panja n'kukhuthula zonse pamchenga, iye ali pamwamba pa mtengo ndi buledi wathu. Ndikutola katunduyo ndinaona yunifolomu yakusukulu, nsapato za kutchalitchi, chitenje cha mayi ake, mthiko, ndi kajumbo kong'ambika ka mbewu ya nandolo.

"Linesi, yunifolomu kunyanja?"

Anayankha akutola nandolo imodziimodzi mumchenga. "Nanga ku Migowi sindikaphunzira?"

"Wakuuza ndani za ku Migowi?"

"Ndinamva pamjigo kuti akusudzulani. Ndiye mutati tikupita kunyanja, ndinadziwa kuti mwangowanamiza atsibweni. Tentiyi si yoti tikayambire kugonamo tisanamange nyumba?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Mwana anayenda ulendo wonsewu akuyesa kuti bambo ake akumuba, ndipo anali wokondwa kubedwa. Nandoloyo inali ya m'munda wa mayi ake, anaitapa m'nkhokwe mobisa kuti akadzale kwathu.

Ndisaname, mtima unandiuza kuti ndithawe nayedi. Ku Zomba galimoto za ku Phalombe zimakhala zitandanda, palibe akanatigwira. Koma ku Migowi ine ndilibe ngakhale mzere umodzi. Minda yonse ndi ya alongo anga ndi ana awo. Linesi akanakakhala mwana wa kwa mwamuna, wodya mopempha, pamene ku Mauwa ali ndi munda wa mayi ake, mitengo ya mango ndi malo omanga akadzakula. Ndinamufotokozera zonsezi pang'onopang'ono, ndipo ndinamuuza kuti ndizibwera mwezi uliwonse.

"Muzibwera ngati alendo?"

"Ngati bambo ako."

"Muzigona kuti?"

Nyumba imene ndinaumba njerwa zake ndi manja angawa sikhalanso yanga. Linesi sanalire. Anapinda yunifolomu ija, n'kufunsa chapansipansi, "Ndiye munandibweretseranji kuno, ababa?"

Masana ndinagula kampango wootcha kwa asodzi a m'mudzi wa Chembe. Anadya pang'ono. Mnyamata wa bwato anatiitana kuti tikaone nkhwazi zikuwakha nsomba pachilumba, koma Linesi anapukusa mutu. M'madzi sanalowenso.

Loweruka tinagwetsa tenti dzuwa lisanakwere. Kugwetsa sikunavute ngati kumanga. Pa Liwonde mu minibasi munakwera mayi wina wa dengu la tomato, wokonda kucheza, n'kukhala pafupi ndi Linesi. Anamufunsa dzina, kalasi, ngati nyanja yamukomera. Kenako anafunsa funso limene Amalawi timafunsana paulendo uliwonse.

"Nanga kwanu n'kuti, inu ndi abambowa?"

Linesi anayankha mwaulemu monga tinamuphunzitsira.

"Ine kwathu ndi ku Mauwa. Abambowa kwawo ndi ku Migowi."

Mayiyo anagwedeza mutu osafunsanso kanthu, chifukwa wamkulu aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la yankho lotere. Pa Namadzi tinapeza alamu anga akutidikira ndi njinga. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anthu abwino ndithu, n'kumukweza mwanayo pakaliyala.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Ndakhala ku Mauwa zaka khumi ndi zisanu ndikuwauza anzanga achikamwini mwambi umenewu moseka, pa bawo. Zoti mwambiwo ukunena ine ndinazimvetsa tsiku limenelo mu minibasi, kuchokera pakamwa pa mwana wanga.