A Saulos ndi Ndulu ya Ng'ona

Mu Unit K monse, ku Chitungwiza, munalibe munthu amene anawaonapo a Saulos akumwa tiyi wa pakhomo pa eni, mwini khomo asanalawe. Kapu ankailandira ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, kenako n'kuibweza. "Chotsani ufiti kaye," ankatero akumwetulira. Koma maso awo sankamwetulira nawo. Ankaitsata kapuyo mpaka pakamwa pa mwiniyo, n'kudikira kuti kholingo ligwedezeke. Ena ankaseka, ena ankapsa mtima, ndipo akazi awo, a Eneless, ankangoyang'ana kumbali ndi manyazi.

Khalidweli anatengera bambo awo, amene anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Beatrice, kufupi ndi Salisbury. A Saulos anabadwira m'komboni ya pafamu, ndipo anakula akuuzidwa kuti kwa eni munthu sameza kanthu asanaone mwini akumeza. Atasinkhuka analowa m'khitchini ya mzungu wa famuyo, kenako anakakhala khukhi mu Salisbury zaka zambirimbiri. Ufulu utabwera bwana wawo anasamukira ku Joni, n'kuwasiyira mpeni wa chogwirira chakuda, zitini zophikira keke ndi apuloni yoyera. Ndi katundu ameneyo anafika ku Chitungwiza.

Ndiye taonani zodabwitsa za dziko. Munthu wosakhulupirira mbale ya mnzakeyu ndi amene anthu onse ankadya za m'manja mwake osafunsa. Ukwati uliwonse wa ana a kwathu, keke inkachokera kwa a Saulos. Maliro alionse, masikono ndi tiyi wa m'dilamu anali a Saulos. Munda wa makolo analibe, mudzi wokaikidwako analibe, koma dzina anali nalo, ndipo dzinalo linali m'manja mwawo. Akamadutsa ndi apuloni yawo paphewa ankayenda ngati m'busa wa mpingo.

Mnzawo wa pamtima anali mmodzi yekha, a Laston, amene anakulira nawo limodzi m'komboni ija. Chaka cha 1985 mwana wamkazi wa a Laston, Winnet, ankakwatiwa ndi mnyamata wa m'midzi ya ku Seke, wa banja la Chishona, ndipo a Saulos anali atalonjeza keke yosanja katatu. Mphesa zouma anali ataziviika kale m'botolo lalikulu, n'kulibisa pansi pa bedi kuti wina asalikhudze.

Chaka chimenecho mvula inabwerera ndi mkwiyo pambuyo pa chilala, ndipo mtsinje wa Nyatsime unasefukira mpaka m'madimba. Masiku amenewo kutsidyako kunalibe nyumba, kunali tchire ndi bango. A Saulos anali ndi kadimba kawo m'mphepete mwa dziwe, momwe ankalima repu ndi tomato. Kumtunda pang'ono kunkawedza Obadiah, bambo wogulitsa nsomba pa njinga. Obadiah sanawalakwirepo chilichonse, koma a Saulos sankamufuna. Ankati munthu woseka ndi aliyense choncho pali chimene akubisa.

Tsiku lina dzuwa litakwera, anatsikira padziwe ndi kheni yawo yothirira. Pafupi ndi bango panali chipika chimene dzulo lake panalibe, koma madzi osefukira amabweretsa zambiri, ndiye sanasamale. Munthu wokayikira tiyi wa m'tchalitchi analephera kukayikira chipika! Anawerama, namiza kheni, ndipo madzi anaphulika. Anangoona kukamwa kwachikasu, mano ali mbuu, fungo la nsomba yoola likuwamenya kumaso. Chipika chija chinali ng'ona, ndipo inaphonya mkono n'kuluma kheni. Kwa kanthawi anakokana nayo, chifukwa mutu unali usanauze dzanja kuti lisiye. Atasiya anagwa chagada m'matope, nakwawa, nadzuka, nathawa liwiro la mtondo wadooka, nsapato imodzi itatsalira komweko. Anafika kunyumba ali ndi mantha aakulu.

Nkhani inafika kwa oyang'anira nyama zakutchire. Iwo anabwera ndi mfuti, naipeza ng'onayo ikuwothera dzuwa pamchenga, naiwombera. Koma inadzigwetsera m'dziwe n'kumira. Oyang'anirawo anati ikafa idzayandama yokha, ndipo woiona akawaitane. Akuluakulu a m'midzi ya kutsidya nawonso anati aitanidwe, chifukwa panali mwambo woti uchitike.

Mwambowo a Saulos ankaudziwa bwino. Achewa ndi Ashona amasiyana zambiri, koma pa ndulu ya ng'ona amagwirizana: onse amakhulupirira kuti kadontho kake m'mowa kapena m'tiyi kamapha munthu. Choncho ng'ona ikaphedwa, ndulu imachotsedwa anthu onse akuona, n'kutenthedwa kapena kuponyedwa pakuya, kuti pasapezeke woisunga. A Saulos anaziona zimenezi ali mwana, pa mtsinje wa Mupfure, bambo awo atawagwira dzanja.

Madzulo ake Obadiah anaima ndi njinga yake pampanda wa dimba. "Sekuru, garwe richabuda rini?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti agogo, ng'onayo iyandama liti. M'mawa mwake anafunsanso, akuseka monga mwa masiku onse. A Saulos anakayikira. Munthu wogulitsa nsomba akuifuniranji ng'ona yakufa? Anayamba kulawirira kudimba, osati chifukwa cha repu ayi, koma kuti afike Obadiah asanafike.

Ndipo ng'onayo anaipezadi okha, itayandama chagada m'bango kumunsi kwa dimba lawo, mimba yoyera ili tuu. Kuli zii, mame asanaume. Anaima n'kuwerengera. Akapita kukaitana anthu, njira ndi yaitali, ndipo Obadiah adzafika pa njinga, adzachita zake, mawa lino tizidzaika maliro osadziwika mutu wake. Mpeni wa chogwirira chakuda uja unali m'thumba, wodulira repu. Anaikoka ng'onayo ndi mpini wa khasu, naibaya kaye ndi ndodo kuti atsimikize, kenako anang'amba pamimba mwaluso la munthu amene watumbula nkhuku ndi nkhosa moyo wake wonse. Nduluyo anaikulunga m'kachiguduli pamodzi ndi mwala, naiponya pakati penipeni pa dziwe. Mpeni anautsuka ndi mchenga. Popita kukaitana anthu ankayenda monyadira, akudziona kuti apulumutsa Unit K yonse.

Ndulu anaikumbukira, koma anaiwala kuti mwambo wonsewo mtima wake ndi maso a anthu.

Khamu litasonkhana, anyamata anaikokera ng'onayo pamchenga. Mkulu wina wa kutsidya anagwada ndi mpeni wake, naona chibowo, nalowetsa dzanja, nalitulutsa lopanda kanthu.

"Ndiani abata garwe iri?" anafunsa mkuluyo, kufuna kudziwa amene waikhudza.

"Ndine," anayankha a Saulos, chifuwa chili patsogolo. "Ndachotsa ndulu, ndataya pakuya apo. Musadandaule."

A Laston, amene anabwera ndi khamulo, anawayandikira n'kufunsa motsitsa mawu. "Achimwene, potayapo anaona ndani?"

A Saulos anakumbukira kuti potayapo anali okha. Anayang'ana padziwe, madzi ali phee ngati sanalandirepo kanthu. Obadiah anali kumbuyo, atagwira njinga yake, akuuza mayi wina kuti iye wakhala osawedza masiku onsewa poopa kuti chilombocho chikadali moyo, ndipo ana kunyumba agona ndi njala. N'chifukwa chake ankafunsafunsa.

Panalibe amene anawanena a Saulos kuti ndi mfiti. Bwenzi zili bwino akanatero, chifukwa munthu akakuneneza umayankha. Anthu anangoyamba kukhuta. Mayi amene ankagula masikono Loweruka lililonse anati ana ake asiya kukonda za shuga. Pamaliro a mkulu wina wa mpingo, a Saulos atafika ndi apuloni yawo, azibambo anawapatsa mpando pamthunzi. "Pumulani, sekuru, mwatumikira kokwanira," anatero, ndipo tiyi anaphika anyamata, wopanda kukoma ngati madzi otsukira mbale. Manong'onong'o ankawafika kudzera kwa a Eneless: akuti chibowo chija chinali chosalala kwambiri, cha munthu wodziwa chimene akufuna. Akuti anthu a ku Nyasalande ndi mankhwala salekana. Zopweteka n'zakuti onena mawu amenewa ena anali ana a kwathu omwe.

A Eneless anamenya nkhondo, tisawanamizire. Anakalipa kumsika, anakalipa kumsonkhano wa amayi, mpaka mawu anasasa. "Zaka zonsezi mwadya za m'manja mwawo, wafa ndani?" ankafunsa. Amayiwo ankavomereza kuti palibe, n'kuwonjeza kuti zaka zonsezo ndulu analibe.

Ukwati utayandikira a Laston anabwera, nakhala pakhonde chipewa chili pabondo. A Saulos anawabweretsera tiyi.

"Ndamwa kale, achimwene."

"Kuyambira liti inu kumwa kale pobwera kwa ine?"

A Laston anazunguza chipewa. "Nkhani ndi ya keke ija. Azibale a mnyamata akuti agula ya m'sitolo ku tawuni. Vanhu ava, anthu awa, mukuwadziwa. Ine ndayesetsa."

"Asiyeni iwowo. Inuyo mukuganiza chiyani?"

"Ine sindikuganiza kanthu. Tinakulira limodzi." Kenako anamaliza. "Kungoti sindinaone, achimwene. Akandifunsa, ndinena kuti ndinaona chiyani?"

Tiyi uja anazizira pampando, ntchentche ikuyenda m'mphepete mwa kapu. A Saulos anakwiya, koma pansi pa mkwiyowo panali chisoni, chifukwa ankadziwa kuti akanakhala iwo, bwenzi atayankha chimodzimodzi.

Keke anaphikabe. Mphesa zinali zitaviikidwa kale, ndipo lonjezo linali kwa Winnet, mwana amene anamunyamula ali wakhanda. Anaganiza kuti anthu akaiona, yoyera, yosanja katatu, maluwa a shuga ali m'mbali, adzakumbukira kuti Saulos ndi ndani. Tsiku la ukwati anachita kuitengera pa wilibala woyalidwa nsalu, pang'onopang'ono, kuzemba maenje, mpaka ku holo ya tchalitchi. Anaiika pathebulo pambali pa ya m'sitolo ija, imene inali yapinki ndiponso yopendekeka. Anthu anaitamadi, poti maso sadya.

"Maita basa, sekuru," anathokoza Winnet m'Chishona, maso ali pansi. Iye ndi mwamuna wake anadula ya m'sitolo.

Mbale zinazungulira, kakeke kapinki kanatha, ana akulirira ina, koma ya a Saulos inali chiimire. Pamenepo iwo anadzuka, navala apuloni, natulutsa mpeni wa chogwirira chakuda. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo ataona mpeniwo. A Saulos anadula chidutswa, nachikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Ndikuchotsa ufiti," anatero.

Anatafuna. Holo yonse inali kuwayang'ana, osati kumaso, koma pakhosi, kudikira kuti kholingo ligwedezeke. Maso amenewo anawazindikira. Ndi omwe aja amene iwo anakhala akuyang'ana nawo anzawo pamakomo onse a mu Unit K. Anameza, naimirira kuti anthu aone kuti sakugwa. Kumbuyo wina ananong'ona mokweza ndithu kuti mwini mankhwala amadziwa mbali yabwino yodula. Ndiye anadula mbali ina, nadya. Anadula pamwamba, anadula pansi, maluwa a shuga akugwera pathebulo, mpaka keke yokongola ija inaoneka ngati yadyedwa ndi makoswe. Palibe anatambasula dzanja. A Laston ankayang'ana nsapato zawo.

A Saulos anaibweza kekeyo pa wilibala dzuwa likupendeka, a Eneless akuyenda pambali, akutukwana mtundu wonse wa anthu osayamika. Atafika anaiika pathebulo la m'nyumba, ndipo a Saulos anakhala pampando apuloni ili m'khosi, manja ali lende.

"Asiyeni agalu amenewo," anatero a Eneless. "Tidya tokha. Keke ngati iyi aionanso kuti?"

Mtima wa a Saulos unatsikako. Anawaona akazi awo akutenga mpeni wina m'kabati, akudula chidutswa chachikulu, akuchikweza. Chitafika pafupi ndi milomo, dzanja linaima.

"Paja mbali ino munadyako, bambo a Tabitha?"

Anafunsa mopepuka, ngati akufunsa za mchere. A Saulos anawayang'ana akazi awo, amene anakhala akumwa tiyi wa m'manja mwawo m'mawa uliwonse chikwatirane. Kenako anatambasula manja onse awiri, nalandira chidutswacho, nachiluma, nachibweza. A Eneless anadikira mpaka amuna awo atameza.