Bester wa Kanema ndi Manda a Bambo Ake

Bester anabwerera kwawo ku Nathenje kuchokera ku Joni m'chaka cha 2002 atanyamula kompyuta yakale, wailesi yakanema ndi chingwe cholumikizira ziwirizi. Anzake oonetsa kanema ankavutika ndi matepi odukaduka, koma iye ankangodina batani, filimu n'kuyamba. Anachita lendi chipinda kuseri kwa msika, n'kupachika sipika pamtengo. Anthu ankamutama kuti ndi wanzeru. Nzeru mwina analidi nazo, koma ulemu anausiya ku Joni.

Kwathu kuno masamba akaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika ndipo wailesi imazimitsidwa, chifukwa pamudzi pagwa maliro. Bester sankazimitsa, ndipo kusiwa sankapondako. Tsiku limene a Matthews, mkulu wa adzukulu okumba manda, ankaika mwana wawo, nyimbo za amayi zinkamira m'phokoso la mfuti za m'filimu. Felesiya, mkazi wa Bester, anapita kukadandaulira mwamuna wakeyo.

"Bambo a Innocent, tsitsani pang'ono chabe. Anthu akulira."

"Alire. Zokakamizana zinatha ndi boma lija. Uno ndi ufulu."

Mumtima Felesiya ankadziwa kuti mudzi suiwala.

Mwezi wa Okutobala, dothi litauma gwa, bambo ake a Bester anamwalira. Dzuwa linafika pamutu manda asanayambidwe, ndipo m'nyumba mmene munali thupi munkatentha. Felesiya anaona amayi akunong'onezana. Anatsatira mwamuna wake mpaka m'mphepete mwa manda, n'kuima patali. Adzukulu anali atakhala pamthunzi, makasu ali pansi.

"Takulandirani, achimwene," anatero a Matthews. "Njira yakuno mumaidziwa, eti?"

"Anthu akudikira. Kumbani."

"Dinani batani lija, mwina dzenje lituluka."

Ena anaseka. Bester anatchula za apolisi. A Matthews anangom'ponyera khasu pamapazi.

"Uno ndi ufulu, achimwene. Wofuna akumba, wosafuna akhala."

Felesiya anayembekeza kuti mwamuna wake agwada. Mawu amodzi opepesa akanakwanira, pakuti malemuwo anali munthu wabwino ndipo adzukuluwo sankadana nawo. Koma Bester anavula malaya, n'kutola khasu. Anakumba yekha mpaka manja anatuluka matuza, dzenje lisanafike ngakhale m'mawondo. Mwa anyamata onse amene ankadzaza chipinda chake chakanema, palibe anabwera.

Tsiku limenelo maliro sanaikidwe. Alendo ochokera ku Mitundu anagonanso pasiwa, akudandaula. M'mawa mwake amene anakagwada kwa adzukulu anali Felesiya ndi apongozi ake aakazi, nkhalamba yofedwayo. Adzukulu anakumba chifukwa cha misozi ya mayiyo, ndipo Bester sanamulole kugwira bokosi.

Iye mpaka lero amati anam'chitira nsanje chifukwa cha kompyuta. Felesiya samutsutsa. Kungoti akamva kuti kwagwa maliro, amazula chingwe chija, n'kuchimanga m'chitenje, n'kupita nacho kusiwa.