Manja a Luckness

Luckness anafika kuno mu Meyi, fodya atachoka kale m'zigafa, fumbi litayamba kuuluka mumsewu. Anatsika pa kabaza ali ndi sutikesi imodzi, ndowa ya buluu ndi kanthu kokulungidwa m'chitenje kamene anakagwira pachifuwa. Kanthuko kanali chiphaso chake cha unamwino, chili m'galasi. Pambuyo pake anandiuza kuti atakhoza mayeso anakhala kwa makolo ake ku Lilongwe akudikira ntchito, mpaka anthu a kutchalitchi kwawo anayamba kufunsana ngati anakhozadi. Ndiye atauzidwa kuti malo apezeka pa chipatala chaching'ono cha m'mapiri kuseri kwa Chezi, sanafunse n'komwe ngati kuli magetsi.

Ine ndimakhala moyandikana ndi nyumba imene anampatsa. Munda wanga wa nyemba umathera pa mpanda wake. Chimwalirireni amuna anga sindiyendayenda. Ndimagulitsa nkhuni kwa anthu odikirira odwala, ndipo zambiri za pachipatalapa ndimaziona ndili chikhalire pambali pa mulu wa nkhunizo. Kuyankhula ndi alendo kumandivuta. Masabata oyamba ine ndi Luckness tinkangopatsana moni pa mjigo.

Namwino wina analipo mmodzi yekha, Mayi Magdalena, amene agwira ntchito pano mpaka imvi. Tsiku loyamba anamuonetsa kabati ya mankhwala, mashelefu ena ali mbee.

"Zimene munaphunzira kusukulu n'zabwino, asisi," anatero. "Koma chimene sanakuphunzitseni ndi kuuza munthu wodwala, mwaulemu, kuti akagule yekha ku Mponela."

Luckness anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala.

Ntchito inamugwera yonse nthawi imodzi: mabala, malungo, sikelo ya ana, amayi oyembekezera. Ankalowa dzuwa lisanatuluke bwino, n'kuweruka nkhuku zikulowa. Yunifolomu yake yoyera ankaichapa madzulo alionse, koma dothi lofiira la kuno linayamba kuisintha mtundu m'munsi. Anzake a msinkhu wake analibe. Atsikana a m'mudzi ankamuopa chifukwa cha yunifolomuyo, azimayi ankamuona ngati mwana. Netiweki ya foni imapezeka pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi basi, ndiye akaweruka ankakwera pamenepo n'kuima yekha, foni ili kukhutu, mphepo ikumukupiza siketi.

Amene ankamuimbirayo anali Nathaniel, mphunzitsi wa ku Mponela. Anali atatomerana, ankhoswe atakumana kale, ukwati atauika mu Disembala. Loweruka lililonse ankabwera pa njinga yamoto yofiira, atamangirira kumbuyo buledi ndi shuga, nthawi zina nyama ya mbuzi. Tsiku limenelo lokha ndi limene ndinkamva kuseka m'nyumba muja. Onse awiri anali ana a mpingo, choncho kukayamba kuda Nathaniel ankapita kukagona kwa a Solomoni, mkulu wa mpingo wathu, amene amakhala kutsidya kwa dambo. Njira ya kumeneko ndi ya miyala, ndipo pamtsinje pali kamlatho ka mitengo iwiri, njinga singadutse. Ndiye ankaikankhira pakhonde la Luckness, n'kuimanga ndi tcheni, iye n'kupita wapansi.

Azimayi opita ku mjigo Lamulungu m'mamawa sankaona mphasa imene Nathaniel anagonapo kwa a Solomoni. Ankaona njinga yofiira pakhonde la mtsikana wosakwatiwa, mame ali pachishalo.

Kwathu kuno khanda limakhala lozizira mpaka makolo ake atalitengera kumphasa. Munthu amene wagona ndi mwamuna amakhala wotentha, ndipo akaligwira, amati limatupa masaya ndi miyendo, n'kuyamba kufota. Timati tsempho. M'tchalitchi sitizitchula zimenezi, ndipo amayi ena a Mvano amati anazisiya kalekale, koma mdzukulu wawo akabadwa amayang'anitsitsa amene akumutambasulira manja.

Zinayamba pang'onopang'ono. Pa sikelo, Luckness akati alandire khanda, mayi ake ankalibwezera pachifuwa n'kunena kuti liyambe layamwa. Ena ankasiya mzere wake waufupi n'kukaima pa mzere wautali wa Mayi Magdalena. Ana oyenda kale ankamupatsa popanda vuto. Mayi Magdalena ankangolandira makandawo n'kumuuza kuti, "Azolowera, asisi." Kaya ankadziwa chifukwa chake, kaya ankaona kuti si nkhani yoti aiyambe iwo, sindidziwa.

Luckness anaganiza kuti akumukayikira za ukhondo. Anayamba kusamba m'manja pamaso pa anthu, nthawi yaitali, sopo mpaka m'zigongono. Anawenga zikhadabo mpaka nsonga za zala kufiira. Kenako anayamba kuvala magolovesi ngakhale poyeza mwana pa sikelo, pamene magolovesiwo anali osowa. Ankakweza manja m'mwamba kuti onse aone.

"Onani, amayi, atsopano. Ndangotsegula pompano."

Azimayi ankayang'ana pansi. Tsiku lina wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Moto suzima ndi pulasitiki," anzake n'kubisa kukamwa ndi zitenje. Iye sanamve.

Mu Ogasiti Mayi Magdalena anapita ku Kasungu kukadwazika mwana wawo, ndipo anakhalitsako. Luckness anatsala yekha. Oyembekezera ena anayamba kuchedwa dala kunyumba, n'kubwera mwana atabadwa kale.

Lolemba lina m'mawa a Anjelina, amene timaimba nawo mu Mvano, anabwera ndi mwana wawo Rakele ndi khanda lake la masiku ochepa. Thupi linali litatentha, mchombo utafiira n'kumatuluka mafinya, ndipo linali litasiya kuyamwa. Ine ndinali pakhomo la wodi, nditabweretsera munthu wina nkhuni.

"Bwerani nayeni kuno ndimuone," anatero Luckness.

A Anjelina sanasunthe. "Amayi aakulu aja abwera liti?"

"Sindikudziwa, agogo. Mwanayu sangadikire. Akufunika jakisoni pompano, kenako tiitane ambulansi."

"Tidikira."

"Agogo, ndasamba. Onani." Anakweza manja aja. "Zimenezi ndinaphunzira, chiphaso ndili nacho. Ndakulakwirani chiyani?"

Rakele ankalira mosatulutsa mawu, akuyang'ana mayi ake. A Anjelina anayamba kulikulunga khandalo kuti azipita.

Sindine munthu woyankhula pagulu. Ndinatula nkhuni pansi.

"A Anjelina," ndinatero, "mperekeni kuno. Ndimugwira ine, anesi angobaya."

Anandiyang'ana kanthawi. Aliyense pano akudziwa kuti ndimagona ndekha chipitireni amuna anga. Anavomera ndi mutu. Luckness sanamvetse, koma sanataye nthawi ndi mafunso. Anandithirira madzi ndi kundipatsa sopo, ndinakhala pa benchi, ndinavundukula kantchafu, ndinapukuta ndi thonje pamene anandilozera. Iye anabaya, a Anjelina ataweramira pomwepo kuonetsetsa kuti ndi singano yokha imene yakhudza mwanayo. Ambulansi inabwera masana n'kuwatengera ku chipatala chachikulu. Mwanayo anachira.

Madzulo ake Luckness anabwera kunyumba kwanga koyamba. Anandipeza ndikusenda nyemba pakhonde, ndipo anakhala pansi ndi yunifolomu yomweyo.

"Amayi, inu munali mutagwira nkhuni. Ine ndinali nditasamba. Bwanji anakupatsani inu?"

Ndinasenda nyemba zingapo ndisanayankhe. Nkhani zotere sitikamba ndi mtsikana amene sanalowe m'banja. Koma panalibenso wina woti amuuze.

"Ndi njinga ija, anesi."

"Njinga?"

Ndinamufotokozera maso anga ali m'lichero. Poyamba anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Tsempho! Tinaphunzira zimenezo m'kalasi. Zinabweranso pa mayeso." Kenako kusekako kunazima. "Koma amagona kwa a Solomoni. Inu mukudziwa."

"Ine ndikudziwa. Opita ku mjigo amaona njinga."

"Ndiye a Solomoni awauze."

"Aime pati, mwana wanga? Pa zolengeza za Lamulungu?"

Anatola nyemba imodzi n'kumaitembenuza m'dzanja. "Nanga ndikawasonkhanitsa pa sikelo, n'kuwauza kuti tsempho kulibe?"

"Akuvomerani mwaulemu. Kenako azikaberekera kunyumba."

Anandithandiza kusenda mpaka lichero kudzaza, n'kutsanzika.

Loweruka lotsatira njinga inabwera monga kale. Ine ndinali m'munda ndikusonkhanitsa mapesi pafupi ndi mpanda, ndipo zenera lawo linali lotsekula.

"Ndiye ndisabwerenso?" anali mawu a Nathaniel.

"Kwa kanthawi chabe. Mpaka andizolowere."

"Njingayo ndizikaisiya kwina. Kaya ndiisenze pamutu mpaka kwa a Solomoni."

"Anena kuti taphunzira kubisa."

"Luckness, iwe ndiwe namwino. Ukudziwa kuti n'zabodza."

"Ndikudziwa. Koma mwana uja akanafera m'njira, Nathaniel. Ndipo oyembekezera ndi ambiri."

"Pempha akusamutse. Ku Mponela zipatala zilipo."

"Ndangoyamba kumene. Ndikanene kuti chifukwa chiyani? Kuti azimayi akuopa manja anga? Andiseka, n'kupereka malowa kwa wina amene akudikira kunyumba ngati mmene ndinkadikirira ine."

"Ndiye agogo a m'mudzi ndi amene azitiuza tsiku loonana."

"Ndizibwera ine ndikapeza mpata."

"Mpata uti? Uli wekha pano."

Anasiya buledi ndi shuga, n'kunyamuka dzuwa likadali pamutu. Phokoso la njingayo linamveka nthawi yaitali likutsika chitunda.

Azimayi sanasinthe msanga. Ankadutsa pakhonde paja Lamulungu lililonse n'kuponyapo diso, ngati munthu woyang'ana ngati chimanga chamera. Masiku a sikelo Luckness ankatuma uthenga kuti ndibwere, ndipo ndinkasiya nkhuni n'kukakhala pa benchi. Makanda ankadutsa m'manja mwanga: ndinkawaika pa sikelo, ndinkawatsekula kukamwa kuti awadonthezere katemera, ndinkawagwira ntchafu. Iye ankaima pambali, akuwerenga kulemera kwawo ndi kulangiza amayi awo, manja atawaika kumbuyo.

Ku Mponela anapitako kamodzi, n'kubwerako tsiku lomwelo chifukwa anamuimbira kuti munthu wathyoka mwendo pogwa pa ngolo. Mayi Magdalena anabwerera mvula itayamba. Disembala inafika, ukwati unasunthidwira kutsogolo, kenako anthu anasiya kuutchula. Sindinamufunse, ndipo iye sanandiuze. Loweruka ankachapa makatani oyera kale, kapena kubwera kudzandithandiza kumanga mitolo ya nkhuni. Tinkakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, anthu awiri osadziwa kucheza. Tsiku lina anandifunsa ngati nyumba ya munthu wokhala yekha imasiya kumveka yaikulu. Ndinamuuza kuti imachepako, koma Lamulungu masana imakulanso.

Mu Febuluwale, tsiku la sikelo, kunali mvula yamvumbi ndipo anthu anadzazana pakhonde la chipatala. Ine ndinali nditasamba kale m'manja, ndakhala pa benchi panga. A Anjelina anabwera ataperekeza mwana wa mng'ono wawo, amene anali ndi khanda lobadwa sabata yomweyo. Anayang'ana mzere wa Mayi Magdalena, n'kukaima pa mzere wa Luckness. Nthawi yawo itakwana ndinatambasula manja, koma anandidutsa. Analichotsa khandalo m'bulangete, n'kulipereka kwa Luckness ndi manja awiri.

"Landirani, anesi," anatero mokoma mtima. "Tamva kuti masiku ano muli nokha."

Luckness anayang'ana a Anjelina, n'kuyang'ana mwanayo. Anamulandira, dzanja limodzi kumutu, lina kumsana, ndipo anamugwira choncho kwa kanthawi asanamuike pa sikelo. Anawerenga kulemera kwake, anauza mayi ake kuti mwana ali bwino, azimuyamwitsa pafupipafupi.

Kenako anaitana wotsatira, ndipo azimayi atatu a makanda anachoka pa mzere wa Mayi Magdalena n'kubwera kudzaima kumbuyo kwa mzere wake.