Anamapopa Onse Ndinapatsa Alamu

Chaka cha matipate ndinagula jekete yakaunjika ku Ndirande, ndipo m'thumba mwake ndinapezamo makhadi a masewera a anamapopa. Malamulo ndinawerenga ndekha: namapopa sadzuka kukamenya mnzake popanda khadi la magazi.

Pogawana ndi alamu anga, amuna a achemwali, ndinawasankhira anamapopa onse amano ataliatali. Ine ndinatenga tofooka, koma magazi pafupifupi onse.

"Akuluakuluwa tengani ndinu, alamu," ndinatero, ndikupereka ndi manja awiri.

Lamulo lija ndinawauza titayamba kale. Zilombo zawozo zinkangogona m'manja, ine n'kumawadya Lamulungu lililonse pakhonde, iwo n'kumati ndi tsoka chabe.

Mpaka lero amauza achemwali kuti kwathu konse waulemu ndine ndekha. Ndimangoweramitsa mutu, ngati waulemudi.