Chaka Chimene Tinasesa Munda wa Amayi

Mpaka lero fungo la mapesi akupsa limandikumbutsa zakale. Ndikakhala m'minibasi nyengo yososa, utsi n'kulowa pawindo, anzanga amangotseka mphuno, koma ine ndimapezeka ndabwerera ku Ndirande, kumtunda kwenikweni kumene nyumba zimathera phiri n'kuyamba. Kumeneko n'kumene kunali munda wa amayi. Sunali munda woti munthu n'kudzitama nawo. Kanali kachigawo kotsetsereka pakati pa miyala, koti ukaima kumtunda n'kuponya chitsononkho chimakagwera m'munda wa eni ake. Koma chaka chimene ndinali sitandade sikisi, kamunda kameneko kanatsala pang'ono kutchuka.

Amayi anali atasiya kulima ngati anthu. Ku gulu la amayi la kutchalitchi kunkabwera mlangizi wina wa zaulimi, ndipo iyeyo ndi amene anawaphunzitsa kuti asamawotche mapesi kapena kuunga mizere. Akakolola ankagoneka mapesi pansi ngati akuyala mphasa, masamba a nandolo n'kumayoyokera pamwamba pake. Poti mapesi athu anali ochepa, ankawonjezera ndi chilichonse chowola: makoko a kwa anyamata ootcha chimanga, masamba a kabichi otayidwa mumsika, phulusa la m'mbaula, zitosi za nkhuku. Wosenza thumba la zimenezi ndikaweruka kusukulu ndinali ine. Linkadontha madzi onunkha m'khosi, ntchentche zikundiperekeza njira yonse, ndipo anzanga a m'kalasi anandipatsa dzina loti Lole ya Zinyalala. Ndinkadana nalo thumbalo ndi mtima wanga wonse.

Komabe sindinganame, pansi pa mapesi paja panali pokoma. Dzuwa la Okutobala likamawotcha miyala mpaka kulephera kupondapo, ukapisa dzanja pansi pa mapesi unkapeza dothi lakuda, lozizira, lonunkhira ngati m'kati mwa mtsuko. Amayi ankavundukula pang'ono n'kundionetsa nyongolotsi, nkhope ili ngwee, ngati akundionetsa ndalama. Chimanga chathu chinkaposa cha minda yoyandikana nayo, koma zimenezo palibe ankazinena. Chimene anthu ankanena chinali chimodzi: amake Tadala ndi aulesi. Tadalayo ndine. Amake Gift, amene munda wawo unachita malire ndi wathu, ananena tsiku lina pampope, ine ndili pomwepo ndi ndowa yanga, kuti, "Masiku ano ulesi nawo uli ndi alangizi ake." Amayi onse anaseka mpaka kuombana m'manja. Nditakawauza amayi anangoti ndikatsuke mbale, koma tsiku limenelo sanadye.

Bambo anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni. Kumunda sankapita, koma pa ukhondo panalibe wowaposa m'dera lathu lonse. Nsapato zawo ankapolisha okha, shati ankasita okha ndi simbi ya makala, ndipo pabwalo pathu pankasesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Ankakonda kunena kuti munthu wosauka akataya ukhondo ndiye kuti wataya zonse. Mawu a pampope aja ankawapeza iwonso ku bawo, atasinthidwa kukhala nthabwala za amuna, ndipo ankawadya mumtima. Za mapesi amayi anawafotokozerapo kangapo, koma bambo ankangogwedeza mutu uku akupukuta nsapato. Kwa iwo, mkazi wawo ankaunjika zinyalala chifukwa mphamvu zinkamuchepera ndipo mwamuna wake analibe ndalama yolembera aganyu.

Tsiku lina mlangizi uja anafika kwathu ndi mtsikana wovala thalauzi, kachikwama kali kumsana. Mtsikanayo anati iye ndi anzake akukonza filimu yoti ikaonetsedwe pa chikondwerero cha mafilimu a zachilengedwe ndi ulimi wosamala nthaka, ndipo asankha munda wa amayi. Adzabwera Loweruka kudzajambula. Atachoka, amayi anavina pakhonde ndi chipande m'manja, zimene ndinali ndisanazionepo. "Tikaone ngati waulesi amaoneka pa kanema," anatero. Ndinadziwa pomwepo kuti filimuyo sankaifunira kutchuka. Ankafuna kuti iwayankhire pampope.

Mwatsoka, m'kati mwa sabata yomweyo kunabwera uthenga wa maliro a amalume a amayi ku Phalombe. Ananyamuka mothamanga, n'kulonjeza kuti abwera ndi minibasi yoyamba Lowerukalo. Ali pakhomo anatembenuka n'kuuza bambo kuti, "Alendowo akafika ine ndisanafike, muwalandire bwino."

Bambo anamva mawu amenewo monga mmene munthu wa kwathu aliyense akanawamvera. Kukamabwera alendo timasesa. Timakolopa, timabisa mapoto akuda kuseri, timavala zakutchalitchi. Lachisanu anapempha tchuthi kuntchito, anabwereka makasu, n'kutitenga ine ndi mlongo wanga Yamikani kupita kuphiri. Ataima m'mphepete mwa munda anayang'ana mapesi, makoko ndi masamba owola aja, n'kupukusa mutu. "Dziko lonse lione mayi anu ali m'zinyalala, ine ndili moyo?" anatero. "Tiyeni, ana inu." Ine ndinasangalala. Ndinaganiza kuti pamapeto pake m'nyumba mwathu mwapezeka munthu woona zimene ndinkaona.

Tinakokera zonse pamilu n'kuyatsa. Mapesi ankathetheka, utsi woyera ukukwera molunjika phiri, ndipo nyongolotsi zinkaphiriphitha padzuwa mpaka kuuma. Kenako bambo, ndi manja awo ofewa ozolowera maenvulopu, anaunga mizere. Anachita kukoka chingwe kuti iwongoke. Pofika madzulo m'manja mwawo munali matuza okhaokha, ena ataphulika, koma munda unali mbee, wofiira, wosalala ngati pabwalo pathu. Amake Gift anadutsa ndi nkhuni pamutu n'kuima. "Eya, tsopano wakhala munda," anatero. Bambo anawongola msana n'kumwetulira, ndipo ine ndinawanyadira kwambiri.

Loweruka m'mawa tinakweza mipando ya m'nyumba mpaka kuphiri, ndi mabotolo a zakumwa m'ndowa ya madzi. Bambo anavala suti yawo yotuwa ndi taye yofiira. Alendo anafika ndi makamera awo. Mlangizi anagwira pakamwa. Mtsikana wa thalauzi uja anayang'ana uku ndi uku ngati wasochera, kenako anafunsa kuti, "Bambo, mapesi aja ali kuti?"

"Tachotsa zonse, madamu, musadandaule," anayankha bambo. "Jambulani momasuka."

Mulu umodzi unali ukufukabe. Mnyamata wa kamera ananong'onezana ndi anzake, n'kupempha bambo kuti aime pafupi ndi utsiwo atagwira khasu. Bambo anakonza taye n'kuima bwinobwino. Ali chiimire choncho, amayi anatulukira m'kanjira, chikwama chili pamutu, fumbi la ulendo lili m'miyendo. Anatula chikwamacho pang'onopang'ono. Anayenda mpaka pakati pa munda, anawerama, anatapa dothi lotentha lija n'kulisiya lidutse m'zala zawo. Ndinadikira kuti akuwe, koma anangoyang'ana manja a bambo otupa aja. "Mwagwiratu ntchito, bambo a Tadala," anatero motsitsa. Kenako anapita kukagwada pamaso pa alendo, kuwalonjera mmodzimmodzi, n'kuwatsekulira zakumwa. Alendowo sanawajambule amayi, poti panalibenso choti aonetse.

Kunyumba sikunamveke mkangano. Amayi ankaphika, kuchapa ndi kuyankha akafunsidwa, koma ankaika mbale patebulo mwaulemu wopitirira muyezo, ndipo ulemu umenewo unkatiopsa kuposa kukalipa. Chizimalupsa chinagwa, fungo la phulusa lonyowa n'kudzaza m'dera lonse. Kenako kunabwera mvula yeniyeni, titangodzala kumene. Madzi ofiira anatsika m'kanjira kathu atanyamula dothi la amayi, ndipo pakati pa mizere yowongoka ija panang'ambika chigwembe chofika m'mawondo. Mbewu zina tinakazitola kumunsi, pafupi ndi mpope. Amayi anadzalanso.

Bambo anaona kuti mkazi wawo wakhumudwa, koma ankakhulupirirabe kuti filimu ikadzatuluka zonse zidzakonzeka. Anthu adzaona munda woyera, ndipo dzina la ulesi lidzatha. Choncho mlangizi atabweretsa uthenga woti tikuitanidwa ku chikondwerero chija, uku akuyang'ana pansi, bambo anaitana amake Gift ndi amuna awo, ndiponso anzawo awiri a ku bawo. Thiransipoti analipira okha. Anavalanso suti yotuwa ija ndi taye yofiira.

Holo yake inali m'tauni, yozizira ngati m'firiji, mipando yake yofewa yoti ukadzuka imadzipinda yokha. Munali azungu, ana a sukulu za sekondale ndi anthu onunkhira perefyumu. Tinaonera mafilimu a mayiko akutali: amayi ovala nsalu zowala akudzala mitengo m'chipululu, mkulu wina akununkhiza manyowa ngati ndiwo. Ndinkawerenga movutikira timawu tachizungu todutsa pansi. Kenako pachinsalu panaoneka phiri la Ndirande, lopanda mtengo, ndipo Yamikani anakuwa kuti, "Kwathu uko!"

Panabwera utsi. Utsiwo utapungulako panaoneka bambo, aakulu ngati nyumba, atatsamira khasu, nsapato zikunyezimira paphulusa, akumwetulira ndi mano onse. Mawu a mtsikana uja anamveka m'holo monse, m'Chichewa chomveka bwino, akufotokoza kuti umu ndi mmene ambirife timaphera nthaka yathu chaka ndi chaka, tikuganiza kuti tikuisamala. Mwana wina wa sukulu kumbuyo anakuwa kuti, "Abwana akulima ndi taye!" Holo yonse inaphulika ndi phwete. Ine ndinatsetsereka pampando mpaka mutu kubisika. Ndinalakalaka magetsi atazima, monga ankazimira kwathu tsiku lililonse, koma tsiku limenelo sanazime.

Chimene chinatsatira chinapweteka koposa. Filimuyo inasamukira ku Chiradzulu, kwa mayi wina amene anamupeza m'malo mwa amayi. Mayiyo anagwada m'munda mwake, anavundukula mapesi, n'kuonetsa kamera dothi lakuda ndi nyongolotsi, nkhope ili ngwee. Anthu anaomba m'manja. Amake Gift nawo anaomba, n'kuweramira kwa amuna awo. "Koma mayi ameneyu ndi wanzeru bwanji," anatero. Ndinasuzumira amayi. Anali atakhala mowongoka, manja ali pamiyendo, maso ali pachinsalu, misozi ikutsika osaipukuta. Bambo sankayang'ana chinsalu. Ankayang'ana amayi.

Magetsi atayaka, aliyense anawazindikira bambo chifukwa cha suti ija. Ena ankagwedezana ndi zigongono, ena ankafuna kujambulitsa nawo pafoni. Mtsikana wa filimu anabwera akupotokola zala, n'kuyamba kupepesa kuti sankafuna kuti zikhale choncho. "Palibe kanthu, mwana wanga, wajambula zimene unapeza," anatero bambo. M'minibasi yobwerera anzawo a ku bawo anayesa kuyambitsa nkhani ya mpira, koma inafera m'njira.

Tinatsika pamsika wa Ndirande dzuwa likupendeka, anthu ali pikitipikiti. Mnyamata wootcha chimanga amene ankatisungira makoko atationa anakuwa kuti, "Amayi a zinyalala! Katundu wanu uyu, wadzadza thumba!" Amayi anapukusa mutu osaima. "Lero ayi," anatero. Ndinamva m'mawu awo kuti sakunena za lero lokha.

Bambo anaima. Anavula jekete n'kundipatsa, anapinda manja a shati yawo yoyera, n'kupita pomwe panali thumbalo. Linali lonyowa, losakanikirana ndi masamba a kabichi a dzana. Analinyamula n'kuliika paphewa, taye ikulendewera, ndipo anayamba kuyenda pakati pa msika. Madzi akuda aja anatsikira pakolala mpaka kumsana. Mavenda anaimba malikhweru, wina n'kufunsa ngati abwana achotsedwa ntchito. Anadutsa pa bawo pomwe, amuna onse atasiya kusewera. Amayi anaima kanthawi, kenako anathamangira n'kugwirizira ngodya ya thumbalo kumbuyo kuti lisaterereke. Sanakhotere kunyumba. Anapitirira kukwera, kulowera kuphiri. Ine ndinatsalira dala kutali, jekete nditalipinda kuti lisadziwike, ndikuyang'ana tomato wa eni ake ngati ndikufuna kugula.

Kwa zaka zambiri ndinkati manyazi aakulu a tsiku limenelo anali thumba lija. Za m'holo zinaonedwa ndi anthu osatidziwa, koma pamsika panali pathu, ndipo Lolemba lake kusukulu ndinauzidwa kuti Lole ya Zinyalala yapeza dalaivala. Ndinalira, n'kumadabwa kuti munthu wochititsidwa kale manyazi angadziwonjezere bwanji ena mwadala. Pano ndine wamkulu, ndili pabanja, ndipo ndikudziwa kulemera kwa mawu oti pepani. Bambo sanawatchule mawuwo, ndipo dzina la amayi silinayeretsedwe pa kanema aliyense. Koma munthu amene ankaopa kadontho ka tiyi pakolala anasenza zinyalala za mkazi wake masana, pamaso pa onse amene ankamuseka mkaziyo, ndipo kuyambira tsikulo wofuna kunena amayi kuti ndi aulesi ankayenera kuyamba wadutsa pa bambo. Banga la pashati ija silinachoke. Amayi ankaichapa okha, ndipo ngakhale ankadziwa kuchotsa banga lililonse, limenelo sindinawaonepo akulimbana nalo.