Rute ndi ndalama ya nkhumba

Ku Senga Bay kuno mukafunsa munthu woumira, ambiri akulozerani Rute. Ine ndakhala naye moyandikana zaka zisanu ndi ziwiri, timapemphera mpingo umodzi, ndipo pomunena kuti ndi woumira ine ndimakhala patsogolo. Ndimagulitsa mandasi. Pa zaka zonsezi sanagulepo kwa ine mandasi oposa awiri tsiku limodzi. Ndikamunyengerera amangoseka, n'kunena kuti, "Ella iwe, mandasi ako ndi okoma, koma saswana."

Rute amayanika usipa. Amaugula kwa asodzi m'mawa, n'kuumwaza pathandala, ukauma amaugulitsa kwa anthu ochokera ku Lilongwe. Khalidwe lake tonse timalidziwa. Akalandira ndalama, asanagule mchere kapena sopo, amayamba wapatula ya Mulungu, yokapereka kutchalitchi. Kenako amapatula ina n'kuimanga pamfundo ya chitenje. Yotsalayo ndi imene amati ndi yake. Enafe timayamba ndi kudya n'kumati tisunga zotsala, ndipo zotsalazo ine sindinazionepo ndi maso angawa.

Sanabadwire kunyanja. Kwawo ndi kumtunda kwa Maganga, kutali ndi gombe, kolima mpunga ndi chinangwa. Mwamuna wake atamwalira zinthu zinamuthina, ndiye anabwera kuno ndi kamwana kumsana, osadziwa munthu. Masiku awiri anangokhala pamchenga kuonerera anthu akugula nsomba. Amene anamuitana tsiku lachitatu anali mayi Hidaya, Msilamu, mmodzi wa akuluakulu pa malonda a usipa. Anamupatsa ndowa yodzadza ndi mbali imodzi ya thandala lawo. Anamuphunzitsa kumwaza nsomba kuti zisasanjikizane, ndi kudziwa usipa wogona m'bwato pongoununkhiza. Rute atagulitsa anafuna kuwapatsa kenakake, iwo anakana.

"Ija inali sadaka, chopereka cha kwa Mulungu, mwanawe," anatero. "Sadaka ikapita yapita."

Rute sanaiwale. Ku mapemphero a amayi, ikafika nthawi yake yopemphera, dzina la mayi Hidaya silinkasowa, mpaka ena anayamba kung'ung'udza kuti kodi mpingo wathu watha anthu owapempherera. Iye ankayankha ndi nkhani ya akhate khumi aja, kuti safuna kukhala m'gulu la amene anachira n'kupitiratu.

Ndalama ya pamfundo ija ikakula ankapita nayo kwa Maganga, kwa mchimwene wake Davie, n'kukagula kamwana ka nkhumba. Kuno sungawete nkhumba, anansi ambiri ndi Asilamu, ndipo pokhala ndi anthu pamafunika ulemu. Davie ndiye ankaweta, zikaswa ankagawana ana. Rute ankati ndalama ya pafupi imaitana mwini wake, koma ya miyendo inayi, yoti uchite kuikwerera kabaza, imakupatsa mpata woganiza. Ndinkamuseka kuti adzafa ndi chitenje chimodzi nkhumba zikunenepa. Ankangoti, "Chakudza sichiimba ng'oma."

Chinadzadi. Chaka chimene nyanja inadzadza, madzi anakwera mpaka pamene tinkayanika zovala, kenako mwera unaomba sabata yathunthu. Mathandala onse a m'munsi anapita, pamodzi ndi la mayi Hidaya, lomwe linali pamalo abwino kuposa onse, pafupi ndi pofikira mabwato. La Rute linapulumuka. Monga wobwera mochedwa, atayamba kudziimira anamanga lake kumtunda, malo amene ena ankawakana chifukwa chonyamula ndowa mtunda wautali.

Mayi Hidaya anali atakalamba, ndipo analibe chosunga. Ndalama zawo zinathera m'mimba mwa anthu: adzukulu, ana amasiye, obwera ngati Rute. Mwana wawo Nasir, telala ku Lilongwe, anaimba foni kuti kumapeto kwa mwezi abwera kudzawatenga, azikakhala naye. Mayiwo sanafune n'komwe. Ndinawamva ndekha pampopi akunena kuti, "Ku Lilongwe ndizikatani ine? Kukhala pakhonde ngati mphika wobooka?" Koma munthu wopanda thandala alibe chonena pamaso pa mwana amene akumudyetsa.

Rute atamva, m'mawa mwake anakwera kabaza. Anabwera madzulo nkhope ili mbuu ndi fumbi koma akumwetulira. Anali atagulitsa nkhumba ziwiri zikuluzikulu. Anandiitanira kuseri kwa nyumba yake n'kundionetsa mfundo yonenepa.

"Nsichi, nsungwi, ukonde wa pamwamba, anyamata omanga, zonse zikwana," anatero. "Amayi sapita ku Lilongwe."

"Nanga akakufunsa kuti ndalamayo yachokera kuti?"

Rute anakhala pansi, mfundo ija ili m'manja. Zaka zonsezi ankasunga akuganizira mayi Hidaya, koma sizinamubwererepo m'mutu kuti akusungira m'khola la chinthu chimene mayiwo sachikhudza, ngakhale kuchitchula kumene amachita kuzungulira.

Ine ndinaona kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. "Usawauze basi. Pa ndalama sanalembepo kuti yachokera m'khola. Unene kuti ndi ya usipa."

"Munthu anandidyetsa ndi mtima woyera, ine ndikamudyetse mobisa chimene chikhulupiriro chake chimakana? Ndiye kuthokoza kumeneko?"

"Ndiye ufuna apite ku Lilongwe?"

Anangondipempha kuti ndimuperekeze.

Tsiku lotsatira tinawapeza mayi Hidaya masana atangomaliza swala, pemphero lawo, atakhala pamphasa pakhonde. Rute anagwada, anamasula mfundo ija n'kuika ndalama patsogolo pawo. Mayi Hidaya sanafunse kanthu, ndipo mumtima ndinati tapulumuka. Koma Rute, pakamwa pake pomwe, anayamba yekha.

"Amayi, iyi ndi yoti mumangire thandala. Koma ndisakubisireni. Ndagulitsa ziweto zanga za kwa Maganga zija. Mukuzidziwa."

Mayiwo anayang'ana ndalamayo. Kenako anakoka ngodya ya chitenje cha Rute n'kuivundikira.

"Mtima wako ndaulandira, mwanawe. Alhamdulillah, sindinadziwe kuti ndili ndi mwana wotere. Koma iyi sindingathe. Kwa ife ndi haramu, choletsedwa. Ndikayanika pathandala la ndalama iyi, chilichonse chochokera pamenepo ndizidya mtima uli m'mwamba. Usandikwiyire."

"Sindingakukwiyireni, amayi."

Pobwerera Rute analira njira yonse, osabisa. Ine ndinali wokwiya, ndipo sindinadziwe kuti ndikwiyire ndani. Mmodzi walephera kutseka pakamwa, wina walephera kutseka maso, thandala palibe, mwezi ukutha. Ndinamulankhula mawu owawa tsiku limenelo, ndipo mpaka pano ndimachita nawo manyazi.

M'mawa mwake ndikupita ndi beseni la mandasi ndinamupeza pathandala lake kumtunda kuja. Anali atachotsa usipa wake wonse, akusesa pansi pake ndi kumangitsa zingwe zomasuka. Atamaliza anapita kukawatenga mayi Hidaya, n'kubwera nawo atawagwira dzanja.

"Amayi, thandala ili ndinamanga ndi ndalama ya usipa yokhayokha, ndisanagule chiweto ngakhale chimodzi. Nsichi izi, nsungwi izi, ukonde uwu. Funsani Ella, analipo."

"Ndi zoona," ndinatero. Linali tsiku loyamba sabata imeneyo kuti wina andipemphe kunena chilungamo, ndipo chinatuluka bwinobwino.

Mayi Hidaya anazungulira thandala lonse pang'onopang'ono, akugwedeza nsichi iliyonse ngati wogula. Atafika pomwe anayambira anaima.

"Nanga iwe uziyanika pati?"

"Ine ndine Mkhristu, amayi. Ziweto zanga zija zindimangira langa."

Mayiwo anaseka mpaka kutsamira nsichi, kenako anadziphimba kumaso ndi mpango wawo. Sanakanenso.

Musaganize kuti zinali zaulere. Malo okha amene Rute anapeza anali kuseri kwa mitengo ya mango, kumene mthunzi umafika msanga ndipo usipa umachedwa kuuma. Anamanga masabata awiri, nthawi yomwe usipa unali wambiri, anzake akupha makwacha iye akukumba maenje. Sindinamumve akudandaula, koma ndinaona kuti mwezi umenewo ngakhale mandasi awiri aja sanagule. Ndinkangomupatsira mwana.

Nasir anabweradi kumapeto kwa mwezi. Anapeza mayi ake akutembenuza usipa, akukalipira akhwangwala ndi mawu amphamvu ngati a mtsikana. Anagona masiku awiri n'kubwerera yekha, atanyamula thumba la nsomba.

Patapita nthawi Davie anabwera panjinga, nkhope ili yokwinya. Rute anali atamutumizira mawu kuti agulitse nkhumba zake zonse zotsala, agule mbuzi. Anakhala pakhonde, ine ndikumva ndili pachitofu changa.

"Achemwali, mwaganiza bwino? Nkhumba imaswa khumi. Mbuzi ikalimbikira ndi awiri. Mukubwerera m'mbuyo."

Ndinalowererapo, poti pakamwa panga sipakhala chete. Ndinati Davie akunena zoona, nkhani ya thandala inatha bwino, palibenso chifukwa chodzilanga.

Rute anatiyang'ana tonse awiri. "Inu simunagwade pakhonde paja," anatero. "Ndinasunga zaka zonsezi, ndikudzimana, ndikupemphera kuti Mulungu adzandipatse tsiku lowathokoza amayi aja. Tsikulo atandipatsa, ndinafika ndi ndalama yoti iwo sangaigwire. Amayi akukalamba, Davie. Kubwera matenda, kubwera zina. Tsiku limenelo ndilibe thandala lina loti ndidzawapatse. Kagule mbuzi."